Vuto la kompyuta yozima ija latha

Zikomo nonse amene munandiyankha pa za kompyuta yanga yomwe inkangozima ndikayamba kusewera gemu. Ndinatsatira mawu a achimwene aja amene anati vuto si khadi ya zithunzi ya RTX 3060, koma power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) ya 450W yopanda dzina imene inabwera ndi kesi ya kompyutayo. Khadi imeneyi payokha imakoka 170W, ndipo Nvidia, kampani yopanga khadiyi, amati pakhale power supply ya 550W. Ndinaitanitsa ya 650W, 80 Plus Bronze (chizindikiro choti siwononga magetsi ambiri), kuchokera ku Lilongwe pa basi. Patha masabata awiri kuno ku Luwinga, kompyuta sinazimepo.

Musanagule power supply, werengani kapepala ka m'mbali mwake muone ma watt a pa 12V, osati nambala yaikulu ya pabokosi. Yakale ija inalibe chingwe cha 8-pin chopereka magetsi ku khadi, ndiye ndinkalumikiza ndi adaputa. Pochotsa ndinapeza adaputayo itada, pulasitiki itayamba kusungunuka, mtima unandigunda. UPS, batire yothandiza kompyuta magetsi akazima, ndigula mvula isanayambe.