Ndithandizeni kusankha filimu yonena za masoka

Abale ndi alongo a kuno ku Johannesburg, ndikupempha nzeru zanu, chifukwa ndikufuna filimu yonena za masoka yoti tidzaonere ndi achinyamata a kumpingo kwathu. Filimu ya Titanic ya 1997 imakhalitsa pa chikondi cha anthu awiri ongopeka, pomwe anthu oposa 1,500 amene anafadi pa ngozi ya 1912 saonetsedwa mokwanira. Kodi chikondi choterechi chimathandiza woonera kumva ululu wa tsoka, kapena chimaphimba imfa ya ambiri? Ine zimandivuta mumtima ndikakumbukira namondwe wa Freddy amene anasakaza kwathu mu 2023. Ngati mukudziwa filimu yoonetsa bwino mabanja ndi anansi akuthandizana pa tsoka, chonde ndiuzeni dzina lake komanso msinkhu woyenera kuionera.