Kusala kudya pamene mtima wauma

Wofunsa, Chipoka: Abale, chikhulupiriro chikazilala, pemphero osatuluka, munthu amayamba bwanji kusala kudya?

Mkulu wampingo, Salima: Yambani ndi tsiku limodzi, 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo. Nthawi ya chakudya muziwerenga Salimo 42 ndi Yesaya 58 n'kupemphera. Kupanda kutero mwangokhala ndi njala chabe.

Mayi wa Mvano, Nkhotakota: Madzi muzimwa ndithu, achimwene. Ndi dzuwa la Okutobala kunyanja kuno, kusala osamwa kanthu kumagwetsa anthu ndi chizungulire. Pomasula yambani ndi phala lamadzimadzi, kondowole adikire kaye, amalemera m'mimba yopanda kanthu.

Namwino, Senga Bay: Odwala shuga ndi amayi oyembekezera asadumphe chakudya, ndipo omwa ma ARV asasiye mankhwala. Iwowa asale nyama kapena foni. Uzani abusa anu okha kuti azikupemphererani, osati gulu lonse la WhatsApp. Onani Mateyu 6:16-18.