Mapeva anga agalasi ang'ambika, ndinalakwitsa pati?

Woumba mapeva, Chawama: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Zaka ziwiri zapitazo ndinaumbira kasitomala wina ku Chalala, muno mu Lusaka, mapeva apabwalo. Mchenga unali utakwera mtengo, ndiye ndinatola mabotolo a vinyo ndi ena osabweza aja m'mabala, anyamata n'kuphwanya ndi hamala mpaka kukhala ngati mchenga wakumtsinje. Tinasakaniza theka galasi, theka fumbi la kwale. Anakongola kwabasi, dzuwa likawomba ankanyezimira. Dzulo andiitana atakwiya. Pamene pamagwera madzi ochokera padenga, mapeva achita ming'alu ngati chigoba cha kamba, ndipo m'ming'alumo mukutuluka zoyera zonga phala louma. Chikhadabo ukaikapo chikulowa.

Mmisiri wamkulu, Matero: Achimwene, tisananamizire galasi, munathirira masiku angati? Ambirife timaumba lero, mkuja takweza kale pagalimoto. Dzuwa la Okutobala silimvera chisoni munthu.

Woumba mapeva, Chawama: Madala, ndinathirira masiku 7, atafunditsidwa pulasitiki. Komanso sabata yomweyo ndinaumba ena a fumbi la kwale lokhalokha, simenti yake yomweyo ya giredi 42.5, ali pabwalo lomwelo ndipo alibe mng'alu ndi umodzi womwe.

Mmisiri wamkulu, Matero: Aa, ndiye ndabweza mawu.

Mayi injiniya, Woodlands: Bambo aku Chawama, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi alkali-silica reaction. Si matenda achilendo, injiniya wina, Thomas Stanton, anawafotokoza kale mu 1940 ku California. Galasi la mabotolo lili ndi silika, chinthu chomwe chimapezekanso mu mchenga, pafupifupi 70 peresenti. Likakhala tizidutswa tokula ngati mchenga, alkali wa mu simenti, amene ndi mankhwala onga soda, amadya tizidutswato pang'onopang'ono n'kupanga kaphala konanda. Kaphalako kakamwa madzi kamafufuma, ndipo poti m'kati mwa konkire mulibe kothawira, kamang'amba. N'chifukwa chake zayambira pogwera madzi a denga. Ena agalasi aja amene ali pouma musawadalire, angochedwa chabe.

Chodabwitsa chake n'choti galasi lomwelo mukalipera kukhala ufa wosalala, wodutsa sefa ya ma micron 75 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), limasintha khalidwe. Limagwirizana ndi laimu amene simenti imatulutsa ikamauma, n'kupanga chomatira chofanana ndi cha simenti yeniyeniyo, monga limachitira phulusa la malasha ngati lija la kopangira magetsi ku Maamba. Ku America anafika poliikira muyezo wake, ASTM C1866, mu 2020. Ndiye galasi lisalowe m'malo mwa mchenga ayi. Lilowe m'malo mwa gawo la simenti, koma likhale ufa.

Woumba mabuloko, Kalingalinga: Mayi, ufa mukunenawu ndi wosalala chotani? Ife ma micron sitiwaona ndi maso. Ndiye tikapereke kuchigayo cha chimanga? 😂

Mayi injiniya, Woodlands: Mwini chigayo akuthamangitsani, ndipo achita bwino, anthu angadye galasi mu nsima. Pamafunika ball mill, mgolo wozungulira wokhala ndi mipira yachitsulo m'kati. Kuyesa kwapamanja n'kotere: tsinani ufawo pakati pa zala. Ukamamveka ngati simenti ya m'thumba, muli pafupi. Ukamakereketa ngati shuga, bwezani mumgolo. Koma sefa gulani ndithu, zala zimanama. Ndipo anyamata avale zotchinga mphuno ndi magalasi a m'maso pophwanya.

Kontirakita wamng'ono, Kanyama: Pa shuga pomwepo ndiikepo langa. Tsukani mabotolo! Ine ndinayesapo ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera osatsuka, ndinati madzi ndi ovuta kuno kwathu. Kasilabu ka khola la nkhuku kanakhala masiku atatu kali phalaphala, nkhuku zoyendayenda zinasiyamo mapazi ponseponse. Shuga amachedwetsa simenti kugwira, ngakhale wochepa. Mapepala omata pabotolo ndi zitsekerero nazonso zichoke.

Mmisiri wamkulu, Matero: Ine funso langa ndi la ndalama. Tiyerekeze mwachotsa 10 peresenti. Pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti simenti 45, galasi 5. Pa matumba 10 mwapulumutsa thumba limodzi lokha. Tsono kutola, kutsuka, kuumitsa, kupera maola ambirimbiri, magetsi omwe amathimathimawa, mwinanso dizilo wa jenereta. Thumba limodzilo libweza zonsezi? Simenti ya Chilanga kapena Dangote ili pa hadiweya iliyonse, yopera kale.

Mayi injiniya, Woodlands: Pamenepo sindikutsutsani, madala. Kwa munthu mmodzi woumba mapeva ochepa, phindu n'lokayikitsa. Likhoza kuoneka ngati anthu angapo mutasonkherana mgolo umodzi, popeza mabotolowo ngaulere, angodzaza ngalande ndi kotayira zinyalala ku Chunga. Ofufuza ambiri amayesa pakati pa 10 ndi 20 peresenti, koma inu yambirani pa 10. Dziwaninso kuti mphamvu yake imabwera mochedwa. Pa masiku 7 konkireyo imaoneka yofooka poyerekeza ndi ya simenti yokha, imadzakwera pa masiku 28, mwinanso mpaka 90. Wothirira masiku awiri asayese n'komwe. Ndipo chonde, mapeva, makebu ndi mabuloko a mpanda basi. Pa mizati, mabimu ndi silabu ya nyumba yosanja musaikemo popanda injiniya kusayinira.

Woumba mabuloko, Kalingalinga: Mlamu wanga ndi wowotcherera, mgolo angathe kupanga ndi silinda yakale ndi mota. Mipira titha kufunsa kwa ogulitsa zitsulo zakale. Amene akufuna tisonkherane anditumizire uthenga kumbali.

Woumba mapeva, Chawama: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Nanga a ku Chalala aja pali mankhwala opaka kuti ming'alu iime?

Mayi injiniya, Woodlands: Palibe chopaka chimene chingabweze peva long'ambika kale. Zulani ong'ambikawo, ikani a fumbi la kwale, ndipo madzi a denga muwakumbire kangalande asamaime pabwalo. Ufa ukapezeka, umbani makyubu a mamilimita 150, ena a simenti yokha, ena a 10 peresenti, muwalembe tsiku, muwaviike m'madzi. Tikawaphwanyitse ku labu pa masiku 7 ndi 28, ena musunge a 90.

Woumba mapeva, Chawama: Chabwino mayi. Loweruka ndikazula, ndalama ituluka m'thumba mwanga momwemu. A Kalingalinga, ndilembeni pa mgolo paja. Ndili ndi masaka 14 a galasi lophwanya kale kuseri kwa nyumba, ndimafuna kukataya mawa.