Funso: ndivomereze patch yotsekera 44.1 kHz pa draiva ya codec?

Akuluakulu nonse apagulu pano, ndikulemba kuchokera ku Harare, kumene ndimagwira ntchito yokonza mapulogalamu a zipangizo zotulutsa mawu zoyendera Linux. Mnzanga wa kuntchito wandipatsa patch (zosintha mu pulogalamu) ya draiva (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya codec, kachipangizo kosandutsa manambala kukhala mawu, kuti ndiiunike isanapite kwa oyang'anira ASoC, gawo la Linux loona za mawu pa mabolodi ngati athuwa, koma pali pena pamene mtima wanga ukukana.

Bolodi lathu limapereka MCLK, wotchi yaikulu yoyendetsa codec, ya 12.288 MHz, imene ndi 48 kHz kuchulukitsa ka 256. Tikaika nyimbo ya 44.1 kHz, mlingo wa pa CD, draiva yakale imangolandira osadandaula, ndipo mawu amatuluka othamanga komanso okwera. Dzulo ndinayesa ndi nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Mabvuku, amayi achikulire n'kumveka ngati atsikana a Sande sukulu. Pofuna kuthetsa zimenezi, mnzangayu waika snd_pcm_hw_constraint_list, mndandanda wa milingo yololedwa, mu startup (gawo la draiva limene limayamba kugwira ntchito chipangizo chikatsegulidwa), yololeza 8, 16, 32 ndi 48 kHz basi, manambalawo atawalemberatu m'draiva. Pabolodi lathu zikuyenda bwino, koma codec yomweyi ili pa mabolodi a anthu ena amene wotchi yawo ndi 11.2896 MHz, ndipo kwa iwowo 44.1 kHz ndiyo yoyenera. Kodi ndikavomereza, sindiwatsekera mawu anthu amene sindinawaonepo?

Yankho: Achimwene, mwaona bwino, musavomereze momwe ilirimu. Mndandandawo uwerengedwe kuchokera pa wotchi imene yaperekedwa mu set_sysclk (pamene draiva imauzidwa liwiro la wotchi), ndipo hw_params (pamene mlingo wa nyimbo umakhazikitsidwa) ibweze -EINVAL, chizindikiro chokana, ngati wotchiyo siigawika bwino ndi mlingo wopemphedwa. Musaiwalenso kuti pa mabolodi ogwiritsa ntchito simple-audio-card (draiva wamba yolumikiza codec ndi bolodi) ndi mclk-fs (nambala yochulukitsira mlingo kuti papezeke MCLK), wotchi imasinthidwa pa hw_params, pamene startup yadutsa kale, choncho draiva ikalandira 0 mu set_sysclk, kutanthauza kuti wotchi siinakhazikitsidwe, iyenera kuchotsa malire onse m'malo mokana.

Yankho lina: Poyesa, gwiritsani ntchito aplay, pulogalamu yolizira mawu, pa hw (njira yopita mwachindunji ku chipangizo), osati pa plughw, chifukwa plughw imasintha mlingo mwakachetechete ndipo mudzaganiza kuti zonse zili bwino.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu, nkhani ya 0 ija sindinaiganizire n'komwe. Chatsala n'chakuti codec imeneyi ili ndi PLL, gawo lotha kupanga wotchi ya liwiro lina kuchokera pa MCLK, imene draiva siinaigwiritsepo ntchito. Kodi ndimuuze mnzangayu kuti aiyatse m'patch yomweyi, kapena ikhale patch yachiwiri payokha kuti oyang'anira aione padera?