Kodi mwambi wa ku Ireland wa "hurler on the ditch" ndi woyamikira kapena wonyoza?

Mlongo wa ku Dedza, ali ku Cork:
Abale anga amene mwakhalitsa kuno ku Ireland, ndithandizeniko. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Cork, ndipo pali agogo ena aamuna amene pakamwa pawo sipachoka mawu akuti "hurler on the ditch". Nditawafunsa, adandilembera papepala m'chilankhulo cha makolo awo: Is maith an t-iománaí an té a bhíonn ar an gclaí. Akuti kumasulira kwake n'kwakuti katswiri wa hurling (masewero a kuno omenya kampira ndi ndodo, wosewera wake ndiye hurler) ndi amene amakhala pa ditch. Ine ndikudziwa kuti ditch ndi ngalande. Nanga munthu angaonere bwanji masewero ali m'ngalande? Chinanso, kodi mawuwa ndi oyamikira kapena onyoza? Ndikufunsa chifukwa adandinenera ineyo, nditangoti kochi wa Cork akadasintha osewera msanga pa fainolo ya hurling ya All-Ireland (mpikisano wa Ireland yense) ya 2025. Adaseka mpaka kutsokomola, koma tanthauzo sadandiuze.

Bambo a ku Limerick:
Achemwali, pepani, agogowo amakusekani. Nkhani ya ngalande iyambe yachoka. Kumidzi ya kuno akati ditch sanena dzenje lodutsa madzi ayi, amanena chikhoma cha dothi ndi miyala chimene chimakhala malire a minda, chomera udzu ndi zitsamba pamwamba. Ndicho claí m'chilankhulo chawo. Kale hurling inkaseweredwa m'busa la ng'ombe, kopanda mipando, ndiye oonerera ankakwera pachikhomapo kuti aone bwino. Tsono amene ali pamwambapo, manja m'thumba, ndi amene amakuwa kuti "menya! patsira mnzako! waphonya bwanji pamenepo!" Mwambiwu ukunena iyeyo. Amadziwa zonse chifukwa ndodo siili m'manja mwake.

Mphunzitsi wopuma, ali ku Zomba:
Ine ku Ireland sindinapondeko, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono. Bwanji ngati mwambiwu uli ndi mbali ziwiri? Taganizirani pabawo. Woimirira kumbuyo amaonadi njira imene wosewera sakuiona, ndipo nthawi zina akanena zimakhala zoona. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwina Aairishi akale ankavomereza kuti woonera patali ali ndi diso labwino, ndipo kunyozako kudabwera pambuyo.

Bambo a ku Limerick:
Aphunzitsi, maganizo anuwo ndi abwino, koma kuno sindinamvepo munthu akuwanena mawuwa moyamikira. Ngakhale pa ndale amawagwiritsa ntchito. Nduna ikadzudzulidwa ndi anthu amene sanayendetsepo unduna, imawatcha ma hurler a pa ditch, ndipo aliyense amadziwa kuti yawanyoza. Mlendo wa kalumo kakuthwa uja amalowa m'bwalo n'kumeta nako. Uyu wa pachikhoma satsika.

Komanso muyenera kuwaona masewerowo kuti mumve kuwawa kwa mwambiwu. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15. Aliyense ali ndi ndodo ya mtengo wa ash, yophwatalala kumapeto, ndipo akulimbirana kampira kachikopa kolimba kotchedwa sliotar, kosaposa chibakera. Munthu amakanyamula pandodo akuthamanga, amakawakha m'mwamba ndi dzanja lopanda kanthu pamene ndodo za anzake zikuuluka pafupi ndi zala zake. Zipewa zoteteza mutu adazikakamiza kwa osewera onse mu 2010 momwemu. Akale ambiri mukawaona akuseka, mano akutsogolo mulibe. Ndiye munthu amene sadalawepo ndodo pachala akamauza wosewera zochita, mukuona mmene zimamvekera.

Mlongo wa ku Dedza, ali ku Cork:
Ndamva bambo. Koma inetu zimene ndidanena zija anthu onse m'basi ankanena zomwezo sabata yonse. Fainolo ija Cork inkatsogola bwinobwino popita kokapuma.

Mnyamata wa ku Ndirande, ali ku Thurles:
Asisi, mwakhudza pachilonda. Ine ndimakhala m'boma la Tipperary, kwa amene adakukwapulaniwo. Pa 20 July 2025 ku bwalo la Croke Park ku Dublin, popuma Cork inali ndi 1-16, Tipperary 0-13. Kwa amene simudziwa kawerengedwe: nambala yoyamba ndi zigoli, chigoli chimodzi ndi mapointi 3, yachiwiri ndi mipira yodutsa pamwamba pa mtanda, pointi imodzi uliwonse. Ndiye kuti 19 kwa 13. Pomaliza zidathera 3-27 kwa 1-18. Chigawo chonse chachiwiri Cork idangopeza mapointi awiri basi. Mnyamata wa Tipperary, Darragh McCarthy, yekha adagoletsa 1-13. Ndiye inde, boma lonse la Cork lidakwera pachikhoma tsiku limenelo. Wina akuti kochi Pat Ryan sadapeze yankho pamene Tipperary idabweza munthu mmodzi kumbuyo kukatseka njira, wina akuti anyamata adachita mantha. Agogo anuwo sankanena inu nokha.

Mayi a ku Mallow:
Ndiwonjezereko za Cork, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chifukwa chake agogo angakhumudwe ndi mawu a mlendo, ngakhale akuseka. Chilumba cha Ireland chili ndi maboma 32, ndipo m'masewero a GAA, bungwe loyendetsa hurling ndi masewero ena achiairishi, munthu sagulidwa. Umasewerera kalabu ya parishi ya kwanu, ukachita bwino boma lako limakutenga, ndipo malipiro palibe. Amene mwamuona pa TV Lamulungu pamaso pa anthu 82,000, Lolemba ali m'kalasi kuphunzitsa kapena ali kubanki. Choncho ukamunyoza wosewera, mwina amene wakhala naye pafupi m'basiyo ndi azakhali ake.

Maboma ambiri amadziwika ndi masewero amodzi. Kilkenny ndi hurling, yatenga chikho cha All-Ireland ka 36, koma mpira wa Gaelic football (wachiairishi, wosewera ndi manja ndi miyendo) kumeneko ulibe mphamvu n'komwe. Kerry ndi football. Cork ndi imodzi mwa ochepa amene amagwira zonse ziwiri: hurling ka 30, football ka 7. Mumzinda ndi kum'mawa kwa boma ndi kwa ndodo, kumadzulo ndi kwa football. Ngakhale Sam Maguire, mwini dzina la chikho cha football, kwawo kunali kufupi ndi Dunmanway kumadzulo komweko. Mu 1990 Cork idatenga zikho zonse ziwiri chaka chimodzi, ndipo Teddy McCarthy adasewera m'matimu onse awiri. Mpaka lero palibe mwamuna wina amene adachitapo zimenezo. Jack Lynch, amene adadzakhala nduna yaikulu ya dziko, adapambana mamendulo 6 motsatizana kuyambira 1941 mpaka 1946, asanu a hurling, imodzi ya football. Christy Ring wa ku Cloyne adapambana 8.

Tsono anthu oleredwa ndi mbiri yotereyi akhala osaona chikho cha hurling kuyambira 2005. Mu 2024 adaluza fainolo kwa Clare ndi pointi imodzi, nthawi yowonjezera itatha. Chaka chotsatira n'chimene chidachitika chija. Agogo anuwo mwina adamuona Ring ndi maso awo ali mwana. Inu mwabwera dzulodzuloli n'kuwauza za kusintha osewera.

Mphunzitsi wopuma, ali ku Zomba:
Mayi, mwafotokoza bwino, ndagonja pa za kunyoza. Komabe funso langa lisafe. Ngati osewera salipidwa, ndiye kuti amene amagula matikiti, kutchetcha bwalo la kalabu ndi kuchapa mayunifomu a ana ndi anthu a pachikhoma omwewo. Kodi amenewo alibe ufulu wolankhula? Agogowo pano sasewera. Iwonso sali pachikhoma kodi?

Mayi a ku Mallow:
Ali pomwepo, aphunzitsi, ndipo amadziwa. N'chifukwa chake mudzamva munthu akuyamba yekha kuti "ine ndine hurler wa pa ditch chabe, koma..." kenako n'kulankhula mpaka tiyi kuzizira. Akadzitchula yekha, wapempha chilolezo. Kusiyana kuli pakuti amene adasewerapo, ngakhale timu ya ana ya parishi, amaloledwa kukuwa kwambiri kuposa ife. Mwana wanga amasewera camogie, hurling ya atsikana, ndipo ndikamuuza kanthu pobwerera kunyumba amangonditambasulira ndodo kuti ndiyese kunyamula kampirako pansi osagwiritsa dzanja. Sindikwanitsa.

Mlongo wa ku Dedza, ali ku Cork:
Zikomo nonse. Mawa ndikawauza agogo kuti ndadziwa kuti ditch si ngalande, tione ngati akandilembere mwambi wina. A ku Thurles, musasangalale kwambiri. Koma ndifunseko: ndodo ya munthu wamkulu woyamba kumene imakhala yaitali bwanji, ndipo imapezeka m'mashopu wamba a zamasewero kapena mpaka kwa osema?

Mnyamata wa ku Ndirande, ali ku Thurles:
M'mashopu zilimo, asisi. Muiimike pansi m'mbali mwa mwendo, ifike chapamfundo ya dzanja lanu mutalitsitsa. Mugulenso chipewa.