Gulu lathu la masapota a Man U likuphwasuka, tichite bwanji?

Wofunsa, Chitakale:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Gulu lathu loonera mpira linali ndi anthu 35, pano amene amasonkha ndi 11 basi. Man U sinatenge ligi chichokereni mphunzitsi Alex Ferguson mu 2013, ndipo 2024/25 inathera pa nambala 15 ndi mapointi 42. Anthu agwa ulesi, ndalama ya DStv sikukwana. Titani kuti gulu lisafe?

Msungichuma wa gulu lina, Luchenza:
Achimwene, ngati mumatolera pakhomo tsiku la masewero, vuto lili pamenepo. Timu ikakwapulidwa kawiri motsatizana anthu sabwera, ndiye thumba limauma. Chopereka chikhale cha pamwezi, chotoleredwa masiku atatu malipiro akangotuluka ku maesiteti a tiyi, timu yapambana kapena ayi. Mtengo wa phukusi la DStv ndi mafuta a jenereta muugawe pa anthu 11 odalirikawo, osati 35 a m'kaundula. Obwera mwa apo ndi apo azilipira pakhomo, ndalama yawo izisungidwa payokha yolipirira August, chifukwa June ndi July kulibe ligi ndipo palibe amene amasonkha. Ndalama isakhale m'thumba la munthu mmodzi. Ikhale pa foni, anthu awiri aziona mauthenga, ndipo kope liziwerengedwa pamaso pa onse mwezi uliwonse.

Katswiri wa madishi, Mulanje Boma:
Ena amathawa chifukwa chithunzi chimadukaduka, osati chifukwa cha zigoli. Mvula ya kuno ndi yambiri, mbale yaing'ono imataya siginolo msanga, ikani ya 90 cm. Onaninso pamene waya walowa mu LNB, kachipangizo kolandira siginolo kamene kamakhala kutsogolo kwa mbale. Madzi akalowa pamenepo kamkuwa kamachita dzimbiri lobiriwira, ndipo chithunzi chimayamba kuima ngakhale kunja kuli dzuwa. Dulani nsongayo, ikani konekita yatsopano, kulungani tepi, kenako pindani waya kuti agwere pansi pang'ono asanalowe m'nyumba, madzi azidontha panja. Za magetsi: TV ya mainchesi 32 ndi dikoda sizidutsa 100 W. Batire ya 100Ah ndi inveta ikutengani maola asanu kapena kuposerapo musanaitsitse kupyola theka. Mukamaimaliza yonse siikhalitsa.

Sapota wa Nyerere, Thyolo:
Zaka zoipa zimatha. Wanderers inatenga ligi mu 2006, n'kudikira mpaka 2017. Liverpool inadikira kuyambira 1990 mpaka 2020. Komanso musamalankhule ngati m'kabati ya zikho ya Man U mulibe kanthu: Europa League mu 2017, League Cup mu 2023, FA Cup mu 2024 mutagonjetsa Man City 2-1. Achinyamata a m'gulu muziwauza zimenezi.

Wofunsa:
Zikomo akulu. Nanga obetcha? Timu ikaluza amatukwana osewera mpaka anthu aulemu wawo amanyamuka.

Mayi wa pagulu, Muloza:
Amenewo ndi amene amathamangitsa azimayi ndi azibambo aakulu. Munthu amene waluza ndalama yake sakulirira timu ayi. Lembani lamulo pa khoma: za matikiti a betingi zikambidwe panja, wotukwana alipire chindapusa, akabwereza katatu akhale kunyumba masewero awiri. Lamulolo ligwire aliyense, ngakhale wapampando. Kuseleulana ndi a Arsenal kapena a Chelsea kusiyeni, ndi kumene kumakometsa mpira, koma kusakhudze banja la munthu kapena ntchito yake.

Msungichuma, Luchenza:
Ndiwonjezere za nthawi. Masewero a 3 koloko ku England amayamba 4 koloko kuno, koma kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March amayamba 5 koloko. A usiku amatha cha m'ma 12, ochokera kutali kabaza samupezanso. Pa masiku amenewo konzeranitu anthu oyendera limodzi, ndipo uthenga wa nthawi muziutumiza Lachisanu.