Tabwerako ku Norway: za funso langa lija

Abale, mwezi wathawu ndinafunsa ngati tigule maulendo okaona malo kwa eni sitima yapamadzi yomwe timafuna kuyendera ku Norway kapena tizionere tokha, poti tinali ndi ana awiri komanso agogo awo. Tabwerako bwino.

Ku Flåm tinadzigulira tokha matikiti a sitima yapamtunda yopita ku Myrdal, mtunda wa makilomita 20, ndipo ndalama zinapulumukako. Siteshoni ili pafupi penipeni ndi doko. Sitimayo imaima pamathithi a Kjosfossen. Agogo anatsika, ananyowa ndithu, koma mpaka lero nkhani ndi yomweyo. Mugule matikiti msanga, malo sachedwa kutha.

Thanthwe lalitali lotchuka la Preikestolen tinangolisiya titafika ku Stavanger. Maola anayi wapansi, ndi maondo a agogowo? Ayi ndithu.

Ku Bergen mvula inatikwapula, komabe tinakwera kasitima kokoka ndi chingwe ka Fløibanen mpaka paphiri la Fløyen, ana n'kukasewera.